Mbale wa caper amene amamera kuseri kwa khola

M'masitolo ena akuluakulu a mu mzinda wa Lilongwe, pa alumali pamene pamakhala zakudya zochokera kunja, pamapezeka timabotolo ting'onoting'ono tokhala ndi timibulu tobiriŵira, tonga nsaŵaŵa zofota, toviikidwa m'madzi a mchere kapena m'viniga. Dzina lake ndi caper. Ndalama zogulira kabotolo kamodzi nzokwanira kugula ndiwo zamasamba zodya banja lonse kwa masiku angapo. Tsono mnyamata wa ku Mkanda kapena ku Kapiri, amene walemba mayeso a Fomu 4 ntchito nkusoŵa, ataona mtengowo sangalephere kudzifunsa kuti, nanga bwanji osadzala zimenezi m'munda mwa amalume? Funsoli si lopusa ai. Ndilo funso limene sukulu imayenera kudzutsa mwa mwana aliyense. Koma asanagulitse njinga yake kuti aitanitse mbeu, ayenera kudziŵa bwino chimene chili m'kabotolomo.

Caper si chipatso, ndiponso si njere. Ndi duŵa limene lathyoledwa lisanamasule. Limachokera ku chitsamba choyanga pansi chimene akatswiri a zomera amachitcha Capparis spinosa, ndipo kwao kwenikweni ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Italy, Spain, Greece, Turkey ndi Morocco. Chitsambachi chimakonda malo amene mbeu zina zimakana. Chimamera m'ming'alu ya matanthwe ndi m'zipupa za nyumba zakale, mpaka pa khoma lotchuka lija la ku Jerusalem chimalendeŵera pakati pa miyala. Mizu yake imaloŵa pansi kwambiri kukafuna chinyezi, motero dzuŵa lotentha kuposa madigiri 40 silichiwopsa. Mdani wake ndi madzi odikha. Mizu ikakhala m'nthaka yonyowa kwa nthaŵi yaitali imaola, chitsamba nkufa.

Pakati pa Sicily ndi Tunisia pali chilumba chaching'ono cha Italy chotchedwa Pantelleria, cha miyala yakuda yotuluka m'phiri la moto, cha mphepo yamkuntho ndi mvula yochepa. Kumeneko ndiko kumachokera caper wa mbiri kuposa wina aliyense. Alimi amadzala zitsambazo m'timinda tochingidwa ndi mipanda ya miyala, motalikirana pafupifupi mamita aŵiri. Njere zake zili ndi khungu lolimba ndipo zimavuta kumera. Mlimi amadikira zaka zitatu kapena zinai asanakolole zooneka, komabe chitsamba chikakhazikika chimatha kubala zaka 20 kapena 30. M'nyengo yachisanu amachidulira mpaka kutsala chitsa, pakuti maluŵa amabadwa pa nthambi zatsopano zokha.

Ntchito yeniyeni ili pa kuthyola. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Sepitembala anthu amalaŵira mbandakucha, dzuŵa lisanakwere, nkumathyola duŵa limodzilimodzi ndi zala, ataŵerama. Palibe makina amene amagwira ntchito imeneyi. Pakapita sabata kapena masiku khumi amabwereranso pa chitsamba chomwecho, chifukwa duŵa likachedwa limakula, kenaka nkumasula, ndipo likamasula latayika. Chodabwitsa nchakuti pa malonda ameneŵa chaching'ono ndicho chodula: timaluŵa tosapitirira mamilimita 7 ndito timagulidwa pa mtengo wapamwamba. Chitsamba chimodzi, pa chaka chathunthu, chimapereka makilogalamu oŵerengeka chabe. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mtengo umene mnyamata uja adauona m'sitolo ndi malipiro a kudekha kumeneko.

Ngakhale atathyola, caper wamuŵisi sadyeka. Ngwoŵaŵa koopsa. Chimene chimamusandutsa chakudya ndi mchere. Ku Pantelleria amathira maluŵawo m'migolo nkusakaniza ndi mchere wa m'nyanja, makilogalamu 3 kapena 4 pa makilogalamu 10 alionse a maluŵa, ndipo amatakasa tsiku ndi tsiku kwa masiku ngati khumi. Mcherewo umakoka madzi, maluŵa nkuyamba kusasa pang'ono, kuŵaŵa kuja nkumachoka, m'malo mwake nkubwera kafungo kothetha pa mphuno konga ka mpiru. Akakhetsa madziwo amathiranso mchere wina wocheperapo nkudikira masiku ena khumi. Pambuyo pake amasefa, ang'ono paokha, akulu paokha. Wophika asanathire mu nsomba kapena mu msuzi wa tomato amayamba watsuka kuti mchere uchepe. Mu 1996 bungwe la European Union lidateteza dzina la caper wa ku Pantelleria mwa lamulo, kotero kuti wina wolima kwina sangagulitse wake m'dzina limenelo.

Tsono nkhani ibwerere ku Mchinji. Ku Mediterranean mvula imagwa m'nyengo yachisanu, ndipo nyengo yotentha, pamene caper amachita maluŵa, kumakhala gwaa. Ku Mchinji zinthu nzotembenuka. Mvula imagwa kukutentha, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo imagwa yambiri, yokwanira kudzaza madambo amene amathira m'mitsinje ya Bua ndi Rusa. Chitsamba choopa madzi odikha chikadzalidwa m'katondo wa kumeneko chidzakhala pa mayeso chaka ndi chaka mwezi wa Janyuwale ndi Febuluwale. Mwina chingaphuke m'chitini pa khonde la mphunzitsi wachidwi, koma kuphuka nkwina, kubala kokwanira kulipira thukuta nkwinanso. Kuyesa kotere nkoyenera malo a kafukufuku monga Chitedze kapena Bvumbwe, kumene kulephera kwa mbeu kumalembedwa m'buku, osati munda wa mnyamata amene kulephera kwake kumatanthauza njala. Kuonjeza apo, mchere umene caper amamwa wochuluka chotere, m'Malaŵi muno ngwogula kuchokera ku Mozambique ndi ku Botswana. Nanga ogula ndani? Caper si ndiwo yodyera nsima. Nchokometsera chimene amathira kasupuni kamodzi, ndipo kabotolo kamodzi kamatha miyezi m'khitchini ya hotela. Msika wake wonse wa m'dziko muno ungakhutitsidwe ndi alimi oŵerengeka pa zala.

Pali chenjezo lina loyenera kunenedwa msanga. M'tchire la m'Malaŵi ndi la m'Zambia, makamaka pa zulu za chiswe ndi m'mbali mwa mitsinje, mumamera chitsamba cha minga yokoŵa, choyanga m'mitengo, chimene dzina lake ndi Capparis tomentosa. Chimenechi ndi mbale weniweni wa caper, ndipo maluŵa ake amafanana nawo. Koma chili ndi mbiri ya poizoni, makamaka mizu yake, ndipo ziŵeto zidafapo nacho m'maiko angapo a mu Africa. Wophunzira amene waŵerenga za caper asathamangire pa chulu ndi lichero. Safunsa adadya phula.

Komabe caper ali ndi mbale wina ku Mchinji, wodyedwa kuyambira kale, amene mwana aliyense wa kumudzi amamudziŵa. Ameneyu ndi luni. Kwa zaka zambiri mabuku a zomera ankaika luni, amene dzina lake ndi Cleome gynandra, m'banja limodzi ndi caper. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa ndiye adamupatulira banja lakelake, atapeza kuti ali pafupi kwambiri ndi mpiru ndi kabichi, ndipo caper ndi msuweni wao onseŵa. Apa pali choseketsa ndithu: ndiwo imene ena amaichitira manyazi alendo akabwera, nkuthamangira kumsika kukagula kabichi, ndi mbale wa kabichi yemweyo. Kuŵaŵa kwa luni ndi kafungo kake zili ndi gwero lofanana ndi la kuŵaŵa kwa caper, pakuti zomera za mtundu umenewu zimapanga madzi othetha odzitetezera ku tizilombo.

Luni safuna kufotokozedwa kwa munthu wa ku Mchinji. Masamba ake ali ngati chikhatho cha zala zisanu, tsinde lake ndi lomata pang'ono, maluŵa ake oyera ali ndi timiyendo tatitali tonga ta kangaude. Mvula yoyamba ikagwa amatuluka yekha kuseri kwa khola la ng'ombe, pa dzala ndi pa mabwinja, paliponse pamene nthaka idadya manyowa. Patsidya pa malire, ku Chipata, abale amamutcha suntha. Abemba amati lubanga. Ku Zimbabwe amati nyevhe kapena runi. Mai Jessie Williamson, amene adagwira nawo ntchito yofufuza za kadyedwe ka anthu a m'Nyasaland mu 1938 ndi 1939, adamulemba pamodzi ndi ndiwo zina zambiri m'buku lao la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, limene lidasindikizidwanso mu 1975 m'dzina la Useful Plants of Malawi. Zimene adalembazo adazimva kwa amai a m'midzi. Nzachisoni kuti adzukulu a amai omwewo ambiri amadziŵa mtunda woyenera pakati pa mbande za kabichi, koma sadaonepo munthu akufesa luni mwadala.

Kodi kusiyana kwa caper ndi luni kuli pati? Zonse ziŵiri zidayamba ngati zomera zokha, zothyoledwa ndi amphaŵi. Zonse ziŵiri nzoŵaŵa zikapanda kukonzedwa. Ngati nkhani ndi ya thanzi, luni ndiye wopambana kutali, chifukwa amadyedwa mbale yodzaza, ndipo masamba ake ali ndi vitamini A, vitamini C, ayironi ndi kashiamu wambiri, pamene caper amadyedwa kasupuni, mchere uli thoo. Chimene chidakweza caper si kukoma kokha. Anthu a kwao adamutenga ngati mbeu: adasankha zitsamba zobala bwino, adaika nthaŵi yothyolera, adagwirizana muyeso wa mchere ndi masiku ake, adasefa, adalemba dzina la chilumba chao pa chikuto, nkuliteteza. Wogula ku London akatsegula kabotolo amadziŵiratu chimene apezemo. Luni sadachitiridwe zimenezi. Adasiyidwa m'manja mwa mvula ndi ng'ombe, ndipo anthu amamukumbuka pokhapokha m'thumba mukauma.

Kunena zoona, luso losunga ndiwo lilipo kale m'midzi ya ku Mchinji, ndipo silichepa poliyerekeza ndi la mchere lija. Amai amathyola masamba m'nyengo ya dzinja, amaŵafutsa m'madzi oŵira kanthaŵi kochepa, amayanika pa mphasa, akauma nkumanga m'zikwatu za masamba a msuku, nkupachika kudenga kumene utsi umaingitsa tizilombo. Mfutso umenewu ndiwo umapulumutsa banja mwezi wa Okutobala, m'dimba mutauma. Ukatenderedwa ndi nsinjiro, zimene Mchinji sasoŵa pokhala boma la mtedza, kuŵaŵa kumazizira, ndipo mafuta a mtedzawo amathandiza thupi kulandira vitamini A. Agogo sadaŵerenge zimenezi m'buku, koma mphika wao udafika pa yankho lomwelo.

Koma chikondi cha pa zamakolo chisatseke maso. Mfutso wambiri wa pamsika ngwosasamalika. Umayanikidwa pafupi ndi pansi, pamene nkhuku zimapalasa ndi mphepo imaulutsa fumbi, motero wodya amakumana ndi mchenga m'mano, ndipo akakumana nawo kamodzi sabwereranso. Umaŵiritsidwa mopitirira, madzi nkutayidwa pamodzi ndi zofunika m'thupi. Umayanikidwa pa dzuŵa la phwee mpaka kuda, chonsecho masamba ouma pa mthunzi podutsa mphepo amasunga mtundu wao wobiriŵira ndi vitamini A wochulukirapo. Masamba anthete ndi okhwima amasakanizidwa m'mulu umodzi, ndipo muyeso wake ndi dzanja la wogulitsa. Apa ndipo pali phunziro la ku Pantelleria. Thandala lokwera, nsalu yoyera yophimba, sikelo, thumba lotsekeka bwino lolembedwa dzina la ndiwo, mudzi ndi mwezi umene idafutsidwa: zonsezi sizifuna ndalama zoposa zimene mnyamata uja akadataya poitanitsa mbeu ya kunja.

Ena adzati zimenezi ndi maloto, luni sangaloŵe m'sitolo. Ku Kenya ankanenanso chomwecho. Kumeneko ndiwo imeneyi, imene amaitcha saga, inkaonedwa ngati ya osauka, mpaka akatswiri monga Pulofesa Mary Abukutsa-Onyango adayamba kuifufuza, kusankha mbeu yake ndi kuphunzitsa alimi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Pofika m'zaka za m'ma 2000 saga adaloŵa m'masitolo akuluakulu a ku Nairobi, womangidwa bwino m'mitolo, ndipo anthu a m'tauni ankamugula pa mtengo woposa wa ndiwo zachilendo. Ku Thailand nako amatenga nsonga za luni yemweyu nkuziviika m'madzi a mchere kuti zisase, monga momwe amachitira ndi caper, nkumadyera mpunga. Ndipo ku yunivesite ya Cambridge ku England akatswiri akhala akumufufuza chifukwa masamba ake amagwiritsa ntchito kuŵala kwa dzuŵa mwa njira yofanana ndi ya chimanga, imene imathandiza chomera kukula msanga kukatentha. Chomera chimene ophunzira a ku Cambridge amachisamala m'nyumba zagalasi, ku Mchinji chimapaliridwa ngati udzu.

Nkhaniyi ili ndi kulemera kwina koposa malonda. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malaŵi anali opinimbira, ndipo Mchinji anali m'gulu la maboma opitirira chiŵerengero chimenecho. Limeneli ndi boma la nthaka yabwino, la anthu oposa 600,000 monga mwa kalembera wa mu 2018, limene limatumiza mtedza, soya, chimanga ndi fodya kwina chaka chilichonse. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo mbale ya luni singathetse zonse. Komabe nkovuta kumvetsa kuti mwana akule mosoŵa ayironi ndi vitamini A m'mudzi momwe ndiwo yodzala ndi zimenezi ikumera yokha kuseri kwa khola.

Aphunzitsi ali ndi mbali yaikulu pano, chifukwa manyazi a pa ndiwo zamakolo ambiri amaphunziridwa kusukulu, ngakhale palibe amene amaŵaphunzitsa mwadala. Mwana akaona kuti m'dimba la sukulu muli kabichi, repu ndi tomato zokhazokha, ndipo bonongwe ndi luni zikamera m'bedi zimazulidwa, amamva uthenga popanda mau. Chonsecho palibe chomera chophunzitsira sayansi mosavuta ngati luni. Amamera pasanathe sabata, amathyoledwa pakatha masabata anai kapena asanu ndi limodzi, motero phunziro lonse limatha m'teremu imodzi. Bedi lina lithiridwe manyowa, lina ai. Lina lifesedwe njere zongokololedwa kumene, lina njere zogonera, ana aone okha kuti njere zatsopano zimamera mwa apo ndi apo, pamene zimene zasungidwa miyezi ingapo zimatuluka pamodzi. Mzere wina utsinidwe nsonga maluŵa asanatuluke, wina usiyidwe, nkuyeza pa sikelo kuti wapereka masamba ambiri ndi uti. Ndipo mwana aliyense akapempha njere kwa agogo ake, kalasi imodzi idzasonkhanitsa mitundu ingapo, wa tsinde lobiriŵira ndi wa tsinde lofiirira, woŵaŵa kwambiri ndi woŵaŵa pang'ono. Ku Chitedze, pa mseu womwewo wochokera ku Mchinji kupita ku Lilongwe, kuli nkhokwe ya boma yosungira mbeu zamakolo, ndipo ntchito ya anthu a kumeneko imayambira pa kusonkhanitsa kotereku.

Kwa wotsiriza sukulu, choonadi chisabisidwe: luni sadzamugulira galimoto. M'dzinja, pamene aliyense angathe kuthyola kwaulere, alibe mtengo. Masamba ake aaŵisi amafota tsiku lomwelo, kotero ulendo wa makilomita oposa 100 kupita ku Lilongwe umafuna kulaŵira ndi kusamala, ndipo wofuna kuolotsa katundu pa chipata cha Mwami kupita ku Chipata ayenera kutsata malamulo a malire onga a mbeu ina iliyonse. Phindu lili pa nthaŵi. Miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala ndiwo zimasoŵa m'misika ya pa Boma, pa Kamwendo ndi pa Kapiri, ndipo kutentha kumene kumavutitsa kabichi ndi kumene luni amakukonda. Amene ali ndi kadimba m'mbali mwa dambo angathe kumufesa kuyambira Ogasiti, chisanu chikatha, pakuti kukazizira sakula bwino. Afesedwe pamalo pomwe akulire, chifukwa muzu wake wapakati sukonda kuokeredwa, pa dzuŵa osati pa mthunzi, m'bedi lokwera lothiridwa manyowa ambiri. Pakatha masabata atatu apatuliridwe, ndipo zozulidwazo ndiyo ndiwo yoyamba. Safuna mankhwala ambiri opopera, ndipo kafukufuku wina adaonetsa kuti akadzalidwa pakati pa mizere ya kabichi amachepetsa mbozi zimene zimaboola masamba. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Vuto loyamba limene adzakumane nalo ndi mbeu, chifukwa m'masitolo a zaulimi njere za kabichi ndi repu zili mbwee, koma za luni nzosoŵa. Vuto lomwelo ndi malonda kwa amene angayambe kuzisunga mosamala nkuziika m'timapaketi. Nthaŵi yake ndi kumapeto kwa dzinja, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene timakoko tatitali tija tayamba kuchita chikasu koma tisanasweke tokha. Asankhe mitengo ya masamba akuluakulu imene idachedwa kuchita maluŵa, athyole timakokoto, aumitse pa mthunzi, apukuse, apete, nkusunga njerezo m'botolo louma lotsekeka, pamalo pozizira, kufikira Ogasiti.